Matayala otambalala akukhudza madigadi kumbuyo pakona? Yambani ndi mabush, Panhard ibwere pambuyo

Anthu ambiri kuno ku Mangochi akangoika matayala otambalala pa Hilux kapena Hardbody yakale ija amayamba kumva khwee khwee kumbuyo akamakhota, makamaka pokwera Chowe ulendo wa ku Namwera komwe makona ake ndi osaseweretsa. Chimachitika n'choti bodi imapita kwina axle n'kutsala kwina, ndiye tayala limakakhudza madigadi kapena spring'i yomwe. Kusunthako kunalipo kale, kungoti tayala laling'ono linali ndi mpata wambiri ndiye simumadziwa, komanso lotambalalali limagwira tala kwambiri ndiye mphamvu yokankhira axle chammbali imachulukanso.

Musanagule chilichonse pakani choko mkati mwa madigadi ndi m'mbali mwa spring'i, yendani kaulendo kokhala ndi makona mutanyamula katundu amene mumanyamula masiku onse, kenako onani pomwe choko chafufutika. Ngati ndi mbali imodzi yokha, yezani ndi tepi kuchoka pa chasisi kufika pa rimu uku ndi uku, mwina axle yo siili pakati, centre bolt, bawuti yapakati pa spring'i yogwira axle pamalo pake, inaduka kalekale.

Ngati ndi mbali zonse, lowani pansi mnzanu azigwedeza bodi chammbali inu mukuyang'ana m'maso mwa spring'i ndi pa shackle, tizitsulo tolumikiza mapeto a spring'i ku chasisi. Nthawi zambiri mupeza bush, labala wa m'maso mwa spring'i momwe mumadutsa bawuti, yadyeka mpaka bawuti ikusewera mkati, labala wake wang'ambikang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe, ndi fumbi komanso mabampu a msewu wa ku Makanjira sizachilendo ayi. Sinthani onse kamodzi osati imodziimodzi. Mabush a pulasitiki wa polyurethane ndi olimba ndipo amachepetsadi kusunthako, koma amafuna girisi apo ayi azilira njira yonse, komanso galimoto imagunda kwambiri pa mabampu. Zodula tayala lakale n'kupanikizamo zija zimangokufikitsani kunyumba basi. Mabawuti a mabush mumalize kumanga galimoto itatsika pa jeke, ili pa matayala ake, mukamanga ili m'mwamba labala amakhala wopotoka ndipo sachedwa kung'ambika.

Ma shackle aatali amene anthu amaika kuti galimoto ikwere ndi amenenso amaonjezera vuto, amapendama. Bwezerani a saizi yake, kapena pezani okhala ndi kachitsulo kolumikiza pakati ngati chilembo cha H. Ma U-bolt akale omangira axle ku spring'i musabwezere, anatamuka kale, gulani atsopano mumange mosinthanasinthana pang'onopang'ono, mukayenda masiku ochepa mumangenso. Mabuloko otsitsira kapena kukwezera galimoto nawo amapatsa axle mphamvu yopotola spring'i, akachepa bwino.

Zonsezi zikachitika koma tayala likukhudzabe ndiye tikambe za Panhard rod, dzinali linachoka ku kampani ya magalimoto ya Panhard ya ku France. Ndi chitsulo chopingasa, mutu wina pa chasisi wina pa axle mbali inayo. Suzumirani pansi pa Probox kumbuyo muchiona, chifukwa maspring'i ake ozungulira, ma coil, sangagwire axle chammbali paokha. Pa ma leaf, maspring'i a zitsulo zosanjikizana a pa pikapuwa, nkhani yake ndi yosiyana pang'ono chifukwa maspring'i akugwira kale ntchito imeneyo, ndiye mukachiika molakwika ziwirizi zimalimbana, mabush kutha msanga, bulaketi kuthyoka. Chitsulocho chimayenda mozungulira, axle ikakwera kapena kutsika chimaikokera mbali. Cha mita 1 axle ikayenda masentimita 10 chimakoka mamilimita pafupifupi 5, cha theka la mita chimakoka pafupifupi 10, ndiye chikhale chachitali mmene mungathere, chigone molunjika bwinobwino galimoto ili ndi katundu wake wa masiku onse, osati yopanda kanthu pomwe mawa mudzaza matumba a usipa, ndipo chikhale chapafupi ndi msinkhu wa maspring'i. Kumitu kwake ikani mabush a labala kuti pakhale kofewa. Owotcherera akhale odziwa, bulaketi ya chitsulo chokhuthala yokhala ndi zochirikiza, ndipo pa axle aziwotcherera pang'ono n'kusiya kuti pazizire chifukwa kutentha kumakhotetsa chubu. Onaninso kuti sichigunda difu, ekizozi kapena paipi ya mabuleki axle ikakwera mpaka mapeto.

Kulinso Watt's linkage, nzeru ya James Watt ya 1784, imene imayendetsa axle mmwamba ndi pansi osaikokera mbali, koma zitsulo ndi mabush ake ndi zambiri, pa pikapu ya matola ine sindikuona chifukwa chovutikira nayo.

Ndipo nthawi zina vuto ndi rimu chabe. Ngati galimoto itaima mpata wa tayala ndi spring'i sukulowa zala ziwiri, khoma la tayala lokha likapindika pakona likhudza basi ngakhale axle itagwidwa chotani. Pamenepo sinthani offset ya rimu, kutanthauza kupeza rimu yotulukira kunja pang'ono, kapena tsitsani saizi ya tayala. Ma spacer okhuthala oika kuseri kwa rimu kuti tayala lituluke kunja amalemetsa mabering'i, mukawaika muzimanga manati pafupipafupi.