Momwe mungayerekezere mphamvu ya mankhwala awiri othandiza kupeza tulo

Mukayesa mankhwala awiri pa anthu omwewo, chofunika n'kuona mmene tulo ta munthu aliyense tasinthira, osati kungoyerekeza magulu. Tigwiritsa ntchito manambala amene Cushny ndi Peebles anafalitsa mu 1905 atayesa hyoscyamine ndi hyoscine pa odwala a ku Kalamazoo, m'chigawo cha Michigan ku America. Manambala omwewa ndi amene William Gosset, yemwe ankagwira ntchito ku Guinness mumzinda wa Dublin ndipo polemba ankadzitcha Student, anasonyezera mu 1908 njira yoonera ngati kusiyana kuli kwenikweni kapena kwangozi, imene lero timaitcha t-test.

Yambani ndi tebulo loti munthu aliyense akhale ndi mzere wake, ndipo m'mizati iwiri, wa mankhwala oyamba ndi wa achiwiri, mulembemo maola amene tulo take tinawonjezeka poyerekeza ndi masiku amene sanamwe chilichonse. Odwala amene Gosset anawerengera analipo 10. Avereji ya mankhwala oyamba inali maola 0.75, ya achiwiri 2.33.

Kenako, pa mzere uliwonse, chotserani nambala yoyamba ku yachiwiri. Wodwala woyamba anawonjezera maola 0.7 atamwa mankhwala oyamba ndi 1.9 atamwa achiwiri, choncho kusiyana kwake ndi 1.2. Mukamaliza mupeza 1.2, 2.4, 1.3, 1.3, 0.0, 1.0, 1.8, 0.8, 4.6 ndi 1.4. Musathamangire kuwerengetsa musanawayang'anitsitse manambalawa, chifukwa nkhani yonse ili poyera: palibe ngakhale mmodzi amene anagona pang'ono ndi mankhwala achiwiri kusiyana ndi oyamba.

Avereji ya kusiyanaku ndi 1.58, ndipo standard deviation, yomwe imasonyeza mmene manambala amwazikira, ndi 1.23. Gawani 1.23 ndi 3.16, yomwe ndi square root ya 10, chiwerengero cha odwala, mupeza 0.389. Gawaninso 1.58 ndi 0.389, yankho lake ndi 4.06, ndipo imeneyi ndiyo t yanu. Pa tebulo la t, pamzere wa 9, kutanthauza chiwerengero cha anthu kuchotsapo mmodzi, malire a 5 peresenti, amene t iyenera kupitirira kuti tinene kuti kusiyanako si kwangozi, ndi 2.262. Nambala yathu yapitirira kutali, ndipo p-value yake ndi pafupifupi 0.003. Izi zikutanthauza kuti mankhwalawa akanakhala ofanana mphamvu, kusiyana kwakukulu chonchi kukanapezeka mwangozi katatu kokha pa maulendo 1,000.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo zimandikhudza chifukwa kulakwitsa kwake kumakwirira zoona. Mukatenga mizati iwiriyo ngati ya anthu osiyana, t imatsika kufika pa 1.86 ndipo p-value imakwera kufika pafupifupi 0.08, moti mukhoza kunena kuti mankhwalawa sakusiyana. Chimachititsa n'chakuti anthu amagona mosiyana kwambiri: ndi mankhwala oyamba omwewo, wina tulo take tinachepa ndi maola 1.6 pomwe wina tinawonjezeka ndi 3.7. Kuyerekeza munthu ndi iye mwini kumachotsa chisokonezo chimenechi. Mu pulogalamu ya pakompyuta yowerengera yotchedwa R manambalawa alimo kale ndipo amatchedwa sleep, choncho polemba t.test musaiwale paired = TRUE.

Polemba zotsatira musatchule p-value yokha. Nenaninso kuti, pa chitsimikizo cha 95 peresenti, phindu la mankhwala achiwiri lili pakati pa maola 0.70 ndi 2.46. Wodwala wachisanu ndi chinayi, wa 4.6 uja, musamuchotse chifukwa chongoti watalikirana ndi anzake, koma yesani kuwerengetsa popanda iye kuti muone ngati ndiye akukoka yankho. Avereji imatsika kufika pa 1.24, ndipo mankhwala achiwiri amakhalabe patsogolo.