Mmene Mungakonzekere Ulendo wa Inca Trail Wopita ku Machu Picchu

Mwafunsa kuti muyambire pati pofuna kuyenda njira ya masiku anayi yokafika ku Machu Picchu, mabwinja a mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Inca, m'dziko la Peru. Choyamba pezani kampani yovomerezeka ndi boma, chifukwa salola munthu kuyenda yekha. Kampaniyo ndiyo imakugulirani chilolezo pa nambala ya pasipoti yanu. Patsiku amalowetsa anthu 500 okha, kuphatikizapo otsogolera ndi onyamula katundu, choncho lipirani kudakali miyezi ingapo, makamaka ngati mukufuna kupita pakati pa May ndi September, mvula itakata. Mu February njirayi imatsekedwa.

Mukafika ku Cusco, mzinda womwe alendo amayamba afikirako, pamalo okwera mamita pafupifupi 3,400, pumulani masiku awiri kapena atatu kuti thupi lizolowere mpweya wochepa. Apa musapupulume ayi.

Ulendo umayambira pamalo otchedwa Km 82, m'mbali mwa njanji yochokera ku Cusco, pomwe amaona pasipoti yomwe munalembetsera ija. Tsiku lachiwiri ndiye lowawa: mumakwera masitepe amiyala mpaka Warmiwañusqa, malo okwera kwambiri panjirayi, mamita 4,215, mukupumira m'mwamba. Usiku m'tenti mumazizira zedi, ndiye tengani zovala zotentha, jekete lamvula ndi tochi. Tsiku lachinayi mumadzuka kusanache n'kukalowera pa Inti Punku, chipata cholowera ku Machu Picchu.

Zilolezo zikatha, funsani za njira ya Salkantay, njira ina yopita ku Machu Picchu.