Ndalama zaukalamba sizigonekedwa m'chitini

Chaka chino, kuyambira pamene msika wa fodya unatsegulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma mpaka nyengo yogulitsa soya ndi mtedza, ndaona alimi ambiri opitirira zaka 50 akupatula gawo la ndalama zawo kuti zidzawathandize paukalamba. Kupatulako n'kwanzeru, koma chotsatira chake n'chimene chikundidetsa nkhawa: ndalamazo azikulunga m'pulasitiki, aziika m'chitini kapena kuzisiya m'foni, poganiza kuti ndalama yosakhudzidwa ndi ndalama yosungika.

Kwacha imatha mphamvu ngakhale ili chigonere. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inaitsitsanso ndi 44 peresenti, moti dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700 tsiku limodzi. Feteleza, malata, simenti ndi mankhwala a kuchipatala zimadalira dola, choncho mitengo yake inakwera pomwepo. Kuyambira 2022 mitengo ya zinthu yakhala ikukwera ndi zoposa 20 peresenti chaka chilichonse. Ngati ikwera ndi 25 peresenti pachaka, K1,000,000 yomwe mwabisa lero pakatha zaka zitatu idzagula zinthu za K512,000 za lero, ndipo pakatha zaka khumi idzagula za pafupifupi K107,000 zokha. Mapepala onse adzakhalapo, palibe mbala yalowa, koma chakudya cha ukalamba wanu chatha.

Mlimi wina wa ku Dowa anandiuza kuti anasunga ndalama za fodya nyengo ziwiri kuti adzafolere nyumba yoti azikhalamo akasiya kulima. Atapita kukagula malata zinakwanira mbali imodzi yokha ya denga, ndipo mapepala ena anali atadyedwa ndi chiswe. Chomwe chinandikwiyitsa n'chakuti anamaliza nkhani yake ndi mawu akuti ana adzamuona.

Mawu amenewa ndatopa nawo. Ana omwewo ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg akulimbana ndi lendi ndi sukulu fizi za ana awo. Munthu wolembedwa ntchito amatetezedwa ndi lamulo la penshoni, lomwe limakakamiza bwana kuika 10 peresenti ya malipiro mwezi uliwonse pamene wantchito amaika 5 peresenti, ndipo makampani osunga penshoni amazigwiritsa ntchito ndalamazo kuti zibereke zina. Mlimi alibe bwana womuikira. Penshoni yake ndi yomwe wadzikonzera yekha, ndiye akaigoneka m'chitini wadzilanda kawiri: palibe chomwe yabereka, komanso yomwe inalipoyo yachepa mphamvu. Ena amati banki m'khonde ndiye penshoni yawo, chonsecho pofika Disembala amagawana zonse, n'kuthera pa Khirisimasi ndi feteleza. Banki m'khonde imathandiza pa zosowa za chaka chimodzi, osati za zaka makumi awiri.

Chochita n'chosavuta. Musaike zonse pamalo amodzi. Gawo lina likhale mu SACCO (bungwe lomwe mamembala ake amasungamo ndi kubwerekamo ndalama) yovomerezeka ndi Reserve Bank, monga zomwe zili pansi pa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO m'dziko muno, kapena pa akaunti yotsekera miyezi ingapo, ndipo funsani chiwongoladzanja chake muchiyerekeze ndi kukwera kwa mitengo. Kudzera ku banki mukhoza kubwereketsa boma pogula ma Treasury bill a masiku 91, 182 kapena 364. Masheya a makampani monga Illovo, TNM ndi National Bank amagulidwa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange kudzera mwa broker (mkhalapakati wovomerezeka wogula ndi kugulitsa masheya), koma mtengo wake umakwera n'kutsikanso, choncho ikanimo zomwe simudzazifuna msanga. Mbuzi ndi mitengo yodzala nazo zimakwera mtengo limodzi ndi zinthu zina. Wokulonjezani kuti ndalama zanu ziwirikiza m'mwezi umodzi musamupatse ngakhale tambala.