Momwe mungachotsere ma #include osafunika mu pulojekiti yaikulu ya C++

Pulojekiti ya C kapena C++ ikatha zaka zambiri anthu akuigwiragwira, pamwamba pa fayilo iliyonse pamaunjikana mizere ya #include yomwe palibenso akudziwa ntchito yake. Wina anaika `<map>` pamene ankaifuna, mnzake anadzasintha code yonse ya m'munsimo, koma mzere uja unangotsala. Tsono #include siisankha: preprocessor, gawo loyamba la compiler, imatenga zonse zili mu header, fayilo yomwe mzerewo ukuitana, pamodzi ndi ma header ena omwe iyo ikuitana, n'kuzikhuthulira mu fayilo yanu. Lembani fayilo ya mzere umodzi wokha, `#include <iostream>`, muidutsitse pa `g++ -E`, kenako muwerenge zotuluka ndi `wc -l`. Mupeza mizere masauzande ambirimbiri, ndipo compiler imayenera kuiwerenga yonseyo pa fayilo iliyonse yomwe ili ndi mzere umenewu.

Phindu la ntchitoyi si lochepa. Mu Januwale 2022, Ingo Molnar anaonetsa anzake a Linux kernel ntchito yomwe anaitcha Fast Kernel Headers, ya ma commit oposa 2,200, ndipo ananena kuti liwiro la build, ntchito yomanga pulogalamu kuchokera ku code, linakwera ndi 50 mpaka 80 peresenti. Koma iye sanangofufuta mizere ayi, anachita kugawa ma header akuluakulu kuti asamakokerane. Inu mukangochotsa mizere m'mafayilo a .cpp, musayembekezere zozizwitsa zotere. Nthawi yambiri imapulumuka mukayeretsa ma header omwe amaitanidwa ndi mafayilo mazanamazana.

Musanakhudze kanthu, funsani kaye oyang'anira pulojekiti. Ena safuna n'komwe ma patch otere chifukwa amasokoneza ntchito ya anzawo yomwe ili m'njira, pamene ena ali kale ndi njira yawo. LibreOffice, mwachitsanzo, ili ndi script yake, `bin/find-unneeded-includes`, komanso mafayilo a yaml olemba ma include omwe sayenera kuchotsedwa m'gawo lililonse. Kukafika ndi njira yanuyanu pamalo otere n'kudzivutitsa chabe.

Konzani malo ogwirira ntchito

Zida zonse zabwino zimafuna `compile_commands.json`, fayilo yomwe imasunga lamulo lenileni lomwe fayilo iliyonse imamangidwira. Pa CMake:

`cmake -B build -G Ninja -DCMAKE_EXPORT_COMPILE_COMMANDS=ON -DCMAKE_DISABLE_PRECOMPILE_HEADERS=ON -DCMAKE_UNITY_BUILD=OFF`

Meson imaitulutsa yokha. Ngati pulojekiti ili pa Make wamba, `bear -- make` ikuthandizani. Ziwiri zomalizira mu lamulo la CMake lija musazidumphe. Precompiled header imalowetsa ma header mu fayilo iliyonse mwakachetechete, ndipo unity build imaphatikiza mafayilo angapo kukhala imodzi, moti fayilo yosowa include imabwereka kwa inzake inu osadziwa. Zikakhala zoyatsa, chilichonse chomwe mwachotsa chizioneka ngati chadutsa bwino. Mangani pulojekiti yonse kamodzi kuti ma header omwe amapangidwa pa nthawi ya build, monga a protobuf, akhalepo.

Kenako pezani pomwe nthawi ikuthera. Clang, kuyambira pa 9, ili ndi `-ftime-trace`, ndipo ClangBuildAnalyzer imasonkhanitsa zotsatira zake n'kukuuzani ma header omwe akudya nthawi yambiri ndi amene akuwaitana. Zimitsani ccache, chida chosunga zomwe zinamangidwa kale, poyeza, `CCACHE_DISABLE=1`, apo ayi manambala anu adzakhala abodza. Yambani ndi omwe ali pamwamba pa mndandandawo.

Yendetsani chida

Ine ndimagwiritsa ntchito include-what-you-use, yomwe ambiri amangoti IWYU. Inachokera ku Google ndipo imakhala pamwamba pa Clang, choncho mtundu wake uyenera kugwirizana ndi wa Clang yanu: 0.21 imayenda ndi Clang 17, 0.22 ndi Clang 18. Zikasemphana, imayamba kudandaula kuti sikupeza ngakhale `stddef.h`. Itengeni ku ma package a Linux yomwe mukugwiritsa ntchito kapena muimange nokha kuchokera ku code yake. Mafayilo omangidwa kale omwe munthu wosadziwika wangowaponya pa intaneti asiyeni. Simudziwa zomwe waikamo, ndipo mukhala mukuwayendetsa pa kompyuta yomwe ili ndi makiyi anu a git.

`iwyu_tool.py -p build src/net > iwyu.out`

Foda imodzi basi, osati pulojekiti yonse. Pa fayilo iliyonse ikuuzani mizere yoti muwonjezere ndi yoti muchotse. `fix_includes.py` ikhoza kukusinthirani yokha, koma yambani ndi `--dry_run` muone kaye zomwe ikufuna kuchita. Nthawi zina IWYU imakuuzani kuti muitane header ya m'kati mwa library, yomwe eni ake sanafune kuti anthu akunja aziikhudza. Apo mufunika mapping file, fayilo youza IWYU header yoti iziitanidwa m'malo mwa ya m'katiyo. Amene ali kale pa clang-tidy angayesenso `misc-include-cleaner`, yomwe inabwera ndi LLVM 17.

Pali njira yachidule yomwe mupeze m'tima script tambiri pa intaneti: kuchotsa mzere umodzi, kumanga, ikadutsa n'kuusiya wochotsedwa. Njira imeneyi ndimaikana. Imachotsa `<string>` mu fayilo yodzaza ndi `std::string` chifukwa choti `<sstream>` yaibweretsa kale. Lero zidutsa, mawa ayi. GCC 13 itatuluka mu 2023, ma header ake ena anasiya kukoka `<cstdint>`, ndipo mapulojekiti ambirimbiri omwe ankagwiritsa ntchito `uint32_t` osaiitana okha anangoti kakasi, build osadutsa. Fayilo iziitana chilichonse chomwe ikugwiritsa ntchito, ngakhale chitakhala kuti chafika kale kudzera kwina.

Pomwe pagona vuto lenileni

Build kudutsa si umboni woti include inali yosafunika. Izi zinandichitikira pa library ina ya network, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba nkhaniyi.

Fayilo yake inali ndi `#include "config.h"` pamwamba, ndipo chapakati panali `#ifdef HAVE_KQUEUE`, code ya kqueue, kenako `#else` ndi code ya `poll()`, njira ziwiri zodikirira uthenga pa ma socket. Kompyuta yanga ndi ya Linux, komwe kulibe kqueue. Choncho mu config.h yanga mzere uja unalembedwa motere: `/* #undef HAVE_KQUEUE */`. Kwa IWYU, fayilo ija sinkatenga chilichonse mu config.h, ndipo pa kompyuta imeneyo inkanena zoona. Mzere unachotsedwa. Build inadutsa pa Linux, inadutsanso pa FreeBSD ndi pa macOS, ma test onse n'kubiriwira, chifukwa code ya `poll()` ndi yolondola, imagwira ntchito kulikonse. Chomwe chinasintha n'choti pa FreeBSD macro ija sinkaonekanso, ndiye compiler inangolumpha gawo lonse la kqueue osanena kanthu. Patapita nthawi, munthu wina woyendetsa seva yokhala ndi ma connection masauzande analemba kuti CPU yake yayamba kutentha chikhalirecho sanasinthe kalikonse kupatula kukweza library. `poll()` imayang'ana mndandanda wonse wa ma socket ulendo uliwonse, pamene kqueue imangokupatsani omwe ali ndi nkhani. Anachita kuyenda ndi `git bisect`, chida chofufuzira commit yomwe inabweretsa vuto, mpaka kufika pa commit ya mzere umodzi wofufutidwa.

Chowawa n'choti `#ifdef` simadandaula. Macro ikasowa, kwa iyo ndi yankho labwinobwino lakuti ayi. `-Wundef` imachenjeza pa `#if HAVE_KQUEUE` macro ikakhala kuti kulibe, koma pa `#ifdef` imakhala chete. N'chifukwa chake mapulojekiti ena amalemba `#cmakedefine01` mu config yawo, kuti macro izikhalapo nthawi zonse, ikhale 0 kapena 1, n'kumagwiritsa ntchito `#if`. Mukatero, kuchotsa config.h molakwika kumaoneka pompo. Ngati pulojekiti yanu ikadali pa `#ifdef`, kusintha zimenezi kungakhale kopindulitsa kuposa kuyeretsa kwenikweniko.

Config.h ili ndi msampha winanso. M'mapulojekiti a Autoconf, `_FILE_OFFSET_BITS` imaikidwa m'menemo, ndipo dzina limeneli simulipeza paliponse mu code yanu chifukwa omwe amaliwerenga ndi ma header a system. Mukaichotsa, kapena kungoitsitsa pansi pa `<sys/types.h>`, pa makina a 32-bit `off_t` imabwerera kukhala yaing'ono, mafayilo oposa 2 GB n'kuyamba kukanika. Choipitsitsa, theka la pulogalamu likhoza kumaona struct imodzimodziyo ili ndi kukula kosiyana ndi momwe theka linalo likuionera.

Lamulo langa tsopano ndi ili: header iliyonse yomwe ntchito yake ndi kupereka ma macro siichotsedwa, kaya chida chinene chiyani. Ilembeni chizindikiro kuti wobwera pambuyo panu asagweremo:

`#include "config.h" // IWYU pragma: keep`

Ndipo musakhulupirire ma test okha, yerekezani zomwe compiler yatulutsa. Mangani musanasinthe, sungani mafayilo a .o pambali, mangani mutasintha, muwayerekeze. Njira yofulumira ndi `nm -u`, yomwe imaonetsa mayina a zinthu zomwe fayilo ikuyembekeza kuchokera kunja, pa fayilo yakale ndi yatsopano, zotuluka n'kuziponya mu `diff`. Pa nkhani yanga ija, pa FreeBSD, mizere iwiri, `kqueue` ndi `kevent`, ikanaoneka kuti yasowa, nkhani n'kuthera pomwepo. Wofuna kuzama ayerekeze `objdump -d`, koma amange ndi `-DNDEBUG` komanso popanda `-g`, chifukwa `assert` imasunga nambala ya mzere kudzera mu `__LINE__`, ndiye mukachotsa mzere umodzi pamwamba manambala onse amasuntha, diff n'kudzaza ndi phokoso. Kusiyana kumodzi komwe musadabwe nako: pa ma compiler ena `<iostream>` imaika kachidutswa ka code koyambitsa ma stream mu fayilo iliyonse yoiitana, ndipo kamachoka limodzi nayo. China chilichonse chikasiyana, imani mufufuze. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuyerekezaku kuchitike pa system iliyonse yomwe pulojekiti imathandiza, osati pa yanu yokha.

Ena a mtundu womwewu oti muziwakayikira: header yokhala ndi template specialization, yomwe ikasowa compiler imangotenga template yoyamba ija mwakachetechete, header yomwe imalembetsa plugin kudzera mu static object, ndi chilichonse chili pakati pa `#ifdef _WIN32` ndi `#endif`, chomwe chida choyenda pa Linux sichichiona n'komwe. Pa Windows dongosolo la mizere nalonso ndi nkhani, `winsock2.h` imayenera kubwera `windows.h` isanafike.

Ma header enieni

Mukamaliza .cpp, lowani m'mafayilo a .h. `fix_includes.py` simachotsa kanthu m'menemo pokhapokha mutaiuza ndi `--nosafe_headers`, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mukachotsa include imodzi mu header yotchuka, mafayilo ambiri omwe ankadyera pomwepo amathyoka, ndiye muyenera kuwakonza onse mu patch yomweyo. Pomwe header ikungotchula class ngati pointer kapena reference, ikani forward declaration, `class Socket;`, m'malo mwa include. Za mu `std` musazilengeze nokha, pa ma stream pali `<iosfwd>`. Ngati class ili ndi `std::unique_ptr` ya mtundu womwe mwangoulengeza, destructor yake isamutsireni mu .cpp. Ma header omwe anthu akunja amaitana asiyeni mpaka oyang'anira avomere, popeza mukhoza kuthyola mapulogalamu omwe simunawaonepo.

Kutumiza

Foda imodzi, commit imodzi, osasakaniza ndi kusintha kwina kulikonse, ngakhale kusanja mizere. CI, makina omanga ndi kuyesa code okha, iyende pa GCC, Clang ndi MSVC, debug ndi release. Mu uthenga wa commit lembani chida ndi mtundu wake, ma system omwe munayerekezerapo mafayilo a .o, ndi nthawi ya build musanasinthe komanso mutasintha. Patch yokhudza mafayilo ambiri imakalamba msanga, choncho pangani rebase tsiku lomwelo mukutumiza, muyendetsenso build yonse.