Momwe mungasankhire wochita lendi yemwe ali ndi mbiri ya mlandu popanda kuswa malamulo a nyumba ku America

Ngati muli ku America ndipo mwagula nyumba yochititsa lendi, tsiku lina mudzalandira fomu ya munthu yemwe anagwidwapo ndi apolisi kapena anakhalapo kundende. Bungwe la boma loona za nyumba, HUD, linanena mu 2016 kuti akuluakulu pafupifupi 100 miliyoni m'dzikomo ali ndi mbiri yotere. Ambiri mwa eni nyumba akangoona zimenezi amati “ayi” msangamsanga. Kukana kwachisawawa kotero ndi komwe kungakutengereni kukhoti, komanso kumatsekera khomo munthu amene chilango chake anamaliza kalekale.

Yambani ndi kudziwa lamulo lomwe likukukhudzani. Fair Housing Act, yomwe Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina pa 11 April 1968, patangopita sabata imodzi Martin Luther King Jr. ataphedwa, imaletsa kusala munthu pa nkhani ya nyumba chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo, dziko lochokera, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala ndi ana, kapena ulumali. Mbiri ya mlandu mulibe pa mndandandawu. Koma mu 2015, pa mlandu wa Inclusive Communities Project wochokera ku Texas, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti ndondomeko yooneka ngati yosakondera ikhoza kukhalabe tsankho ngati ikupweteka kwambiri mtundu umodzi popanda chifukwa chomveka. Apa ndi pomwe nkhani ya milandu imalowera. Mu 2014 anthu akuda anali 12 peresenti ya anthu onse ku America koma pafupifupi 36 peresenti ya omwe anali m'ndende. Mukalemba kuti “aliyense wokhala ndi mlandu sitimulandira”, mwatseka khomo kwa anthu akuda ambiri, ngakhale inuyo ndinu wakuda ndipo simunaganizeko za khungu.

Boma la Pulezidenti Donald Trump linalamula mu April 2025 kuti mabungwe ake asamalimbikire milandu ya tsankho losakhala lachindunji lotereli. Musakhazikike mtima nazo. Chigamulo cha 2015 chija chidakalipo, ndipo munthu wokanidwa angathe kukusumirani yekha popanda kudzera ku HUD.

Chachiwiri, fufuzani malamulo a boma la dera lanu ndi a mzinda wanu, chifukwa kawirikawiri ndi okhwima kuposa a dziko lonse. Ku New Jersey, kuyambira January 2022, simuloledwa kufunsa za milandu pa fomu yoyamba. Mumayamba mwamuvomereza munthuyo mongoyembekezera, kenako ndiye mufufuze. Ku Cook County, komwe kuli Chicago, mumangoyang'ana milandu ya zaka 3 zapitazi. Mzinda wa New York unayamba lamulo lake mu January 2025, ndipo limaika malire a zaka 3 pa milandu ing'onoing'ono ndi zaka 5 pa ikuluikulu. Seattle inaletsa kukana munthu chifukwa cha mbiri ya mlandu, kupatula pa zochitika zochepa.

Mukatero lembani ndondomeko yanu papepala musanalengeze nyumbayo. Pa chilengezo pasakhale mawu oti okhala ndi milandu asayerekeze. Ndondomekoyo inene milandu yomwe mudzaiganizire, ndiye kuti yokhudza chitetezo cha anthu ndi katundu, monga kuotcha nyumba mwadala kapena kuvulaza munthu, ndiponso zaka zomwe mudzabwerere mmbuyo. Gwiritsani ntchito ndondomeko yomweyo kwa aliyense. Kufufuza wofunsira wakuda n'kusiya mzungu, kapena kumukhululukira m'bale wa kwathu mlandu womwe mwakanira wa ku Mexico, ndi tsankho lachindunji, ndipo pamenepo palibe chodzitetezera nacho.

Lipoti likabwera, siyanitsani kugwidwa ndi apolisi ndi kupezeka wolakwa kukhoti. Apa ndi pomwe eni nyumba ambiri amaphonya. Munthu akhoza kugwidwa, kugona m'chitokosi, mlandu n'kuthetsedwa m'mawa mwake. Kugwidwa kokha sikutsimikizira kuti anachita kanthu, ndipo malangizo a HUD a pa 4 April 2016 ananena momveka kuti si chifukwa chokwanira chomukanira munthu nyumba. Malipoti a makampani ofufuza nawonso amalakwitsa: amasokoneza anthu a mayina ofanana, amaonetsa mlandu umodzi kawiri, kapena kutulutsa mlandu womwe khoti linafafaniza.

Ngati anapezekadi wolakwa, muyang'aneni munthuyo payekha. Unali mlandu wanji? Papita zaka zingati? Anali ndi zaka zingati pamene ankaupalamula? Chitulukireni wakhala bwanji ndi malandilodi ena, lendi amalipira? Mupatseni mpata afotokoze mbali yake ndi kubweretsa makalata ochokera kuntchito kapena kwa landilodi wakale. Ine ndimaona kuti gawo ili ndi lofunika kuposa ena onse. Mayi wa zaka 45 yemwe anaba m'sitolo ali ndi zaka 19 si chiopsezo kwa nyumba yanu, ndipo kumukana n'kumulanga kachiwiri pa chinthu chomwe khoti linatseka. Kampani ina yoyendetsa nyumba za Sandcastle Towers ku New York inasumiridwa ndi bungwe la Fortune Society, lomwe linati inakana kulandira anthu otuluka kundende omwe bungwelo linkawathandiza. Nkhaniyo inatha mu 2019 italipira ndalama zoposa 1 miliyoni ya madola.

Fair Housing Act imalola kukana munthu yemwe khoti linamupeza wolakwa pa kupanga kapena kugulitsa mankhwala ozunguza bongo. Chilolezochi sichikhudza amene anangopezeka nawo mankhwalawo, ndipo lamulo la mzinda wanu likhoza kukuletsanibe.

Mukaganiza zokana chifukwa cha lipoti lomwe munagula ku kampani, lamulo la Fair Credit Reporting Act likufuna kuti mumudziwitse wofunsirayo. Muuzeni dzina, keyala ndi nambala ya foni ya kampaniyo, kuti si kampaniyo yomwe yapanga chiganizo, kuti ali ndi ufulu wolandira lipotilo kwaulere pasanathe masiku 60, ndiponso wotsutsa zolakwika zili mmenemo. Chitani zimenezi polemba kalata, osati pafoni.

Sungani fomu, lipoti, zifukwa zanu ndi kalatayo mu failo ya munthu aliyense, wolandiridwa ndi wokanidwa yemwe. Wodandaula ali ndi chaka chimodzi chokadandaula ku HUD ndi zaka 2 zokasuma kukhoti, choncho mapepalawo asatayidwe zaka 2 zisanakwane, ndipo akhale pamalo okhomedwa chifukwa muli zinsinsi za anthu.