Mayeso a unamwino amayambira pa bedi la wodwala

Ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a unamwino, usiku wina ndinali pa wodi ya ana. Ana anali ambiri, ena awiriawiri pa bedi limodzi, ndipo ndinali nditatopa. Nditafika pa kamwana ka miyezi 8, ndinangokayang'ana n'kulemba kuti kakupuma maulendo 40 pa mphindi, osawerenga. A sisitala atafika anakweza malaya a mwanayo, maso pa wotchi, n'kuwerenga mphindi yathunthu. Anapeza 62. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Mwanawe, wa msinkhu uwu timati akupuma mothamanga akafika pati?" Ndinangoti kakasi. Yankho lake ndi 50 kwa wa miyezi 2 mpaka 12, ndipo 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5. Mwanayo anali ndi chibayo.

Lero ndine ndimalandira ophunzira pa wodi. Kaya mukuchita digiri ya zaka 4 ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) kapena ku Mzuzu University, kaya dipuloma ya zaka 3 m'makoleji a mipingo a CHAM kapena ku Malawi College of Health Sciences, zimene ndaona n'zimodzimodzi: amene amavutika pa mayeso kawirikawiri si operewera nzeru. Chimawagwetsa ndi khalidwe la pa wodi.

Choyamba, musaphike manambala. Ngati simunayeze, siyani malowo osalemba ndipo nenani. Kuphika kumaika moyo wa wodwala pachiswe, komanso kumakuberani inuyo. Wophunzira amene wamvetsera mtima wa mwana wosabadwa pa mphindi 30 zilizonse n'kulemba yekha pa patogirafu, tchati cholondolera mmene kubereka kukuyendera, akaipeza pa pepala la mayeso amaiwerenga ngati kalata yochokera kwawo. Wongodzaza timadontho ntchito ikamatha amasokonezeka akafunsidwa tanthauzo la mzere wochenjeza wa pa tchaticho.

Funsani. Ambiri amaopa kuoneka mbuli pamaso pa anzawo, koma paja safunsa anadya phula. Yendani ndi kabuku kokwana m'thumba la yunifolomu, ndipo tsiku lililonse lembanimo chinthu chimodzi chimene simunachimvetse. Madzulo omwewo, musanagone, chifufuzeni m'buku. Mwaona mayi woyembekezera wa BP yokwera akupatsidwa magnesium sulphate, anamwino n'kumamugogoda pa bondo, kuwerenga kapumidwe ndi kuyeza mkodzo? Kawerengeni chifukwa chake usiku womwewo: mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, ndipo akachuluka m'thupi bondo limayamba kusiya kudumpha kupuma kusanafooke. Zowerenga muli ndi nkhope ya wodwala m'maganizo sizichoka. Zoloweza kutatsala masiku atatu zimathera pa khomo la chipinda cha mayeso.

Masamu musawathawe. Dripi ya 1000 ml yoti ithe m'maola 8, pa chubu cha madontho 20 pa ml, ndi 1000 kuchulukitsa ndi 20, kugawa ndi mphindi 480: madontho 42 pa mphindi. Werengerani nokha nthawi zonse, kenako muonetse wamkulu.

Pali nkhani ina imene imandipweteka mtima. Ena amabwera akusankha ntchito: jakisoni ndi kanyula (kachubu kolowetsa mumtsempha) amathamangira, koma kusambitsa wodwala, kumutembenuza kapena kuchotsa chokodzeramo amati n'za agadiyani. Komatu zilonda za pamsana zimaoneka posambitsa, ndipo kutupa kwa miyendo mumakuzindikira mutagwira. Pa mayeso a OSCE, oonetsa ntchito ndi manja pamaso pa woyesa, woyesa amayang'ananso ngati mwapereka moni, mwadzitchula dzina, mwafotokoza zimene mukufuna kuchita, mwatchinga wodwala ndi kusamba m'manja. Amene anazolowera kukalipira agogo kuti "tagonani apo" sangasinthe lilime tsiku limodzi chifukwa choti pali woyesa. Ndikudziwa kuti ena munalowa unamwino chifukwa ndi kumene mwayi unapezeka, osati kumene mtima unali. Si mlandu. Koma musalipsire odwala.

Fikani ripoti ya m'mawa isanayambe, foni ili m'thumba. Logbook yanu, buku lolembamo ntchito zimene mwachita pa wodi, isainidwe tsiku lomwe mwagwira ntchitoyo, osati kumathamangitsa anamwino sabata yomaliza kuti asainire zimene sanaone. Ine zotero sindisaina.

Mukakhala ndi vuto la fizi, maliro kumudzi kapena matenda, uzani aphunzitsi msanga, musanayambe kujomba. Ndaonapo ophunzira abwino akubwereza chaka chifukwa anabisa vuto mpaka maola a pa wodi anaperewera.

Pomaliza koleji pakudikirani mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, amene popanda kukhoza simungapatsidwe chilolezo chogwira ntchito. Pokonzekera, khalani anthu anayi kapena asanu, aliyense abwere ndi wodwala mmodzi wa m'kabuku kake, osatchula dzina, afotokoze zimene anapeza ndi zimene anachita, enawo azimufunsa chifukwa chake mpaka ayankhe osayang'ana m'buku.