Khola lolimba ndi kuonjola misampha: mmene alimi a ku Sumatra angakhalire ndi kambuku wamizeremizere

Pachilumba cha Sumatra, m'dziko la Indonesia, patsala akambuku amizeremizere osafika 600. Bungwe la IUCN, loona za kasamalidwe ka zachilengedwe padziko lonse, linawaika m'gulu la nyama zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Anzawo a pa zilumba zoyandikana anatha kale: a ku Bali anasowa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ndipo a ku Java sanaonekenso chichokereni zaka za m'ma 1970. Otsalawa amabisala m'nkhalango zowirira za mvula monga Gunung Leuser, Kerinci Seblat ndi Bukit Barisan Selatan, ndipo m'mphepete mwake muli minda ya khofi, mphira ndi kanjedza wamafuta. Malangizowa ndi a mlimi wokhala m'malire amenewo, ngakhale woweta wa pafupi ndi Majete kapena Liwonde, komwe mikango inabwezeretsedwa, atolaponso zina.

Kambuku akagwira mbuzi kapena ng'ombe, mwini wake amapsa mtima, n'kuthira chiphe pa nyama yotsalayo kapena kuitana wosaka. Akambuku ambiri amafa motero. Ndiye ntchito iyambire pakhola.

Alimi ambiri kumeneko amasiya ng'ombe ndi njati zoweta zitamangidwa pamtengo m'munda usiku wonse, kapena kuzilekerera zikudya m'mphepete mwa nkhalango. Kumeneko n'kum'phikira chilombo. Bungwe la Wildlife Conservation Society lakhala likuthandiza midzi ya m'zigawo za Aceh ndi Lampung kumanga makola ozingidwa ndi waya waminga, ndipo kamangidwe kake si kovuta. Sankhani malo oyandikira nyumba, osati kumunda. Lambulani tchire lonse lozungulira, chifukwa kambuku sathamangitsa nyama mtunda wautali: amanyang'ama m'zitsamba mpaka kufika pafupi, kenako n'kudumpha kamodzi. Dulani nthambi iliyonse yolendewera pamwamba pa khola. Zikani nsanamira mozama, zitalike osachepera mamita 2.5, ndipo kokani waya mothithikana kuyambira pansi penipeni. Waya ukatalikirana chakumunsi, mwana wambuzi amatulutsa mutu, ndipo dzanja la kambuku limalowa pomwepo. Ngati gilisidiya alipo, zikani zikhomo zake zaziwisi pakati pa nsanamira. Zimaphuka, chiswe sichizidya msanga, masamba ake ndi chakudya cha mbuzi. Mbuzi zikhale m'khola lam'mwamba, koma pansi pake mutchingeponso.

Makola ambiri amalephera pachitseko. Munthu amawononga ndalama pa waya, koma khomo n'kutseka ndi thabwa lowola lomanga ndi luzi. Chitseko chikhale chotalika mofanana ndi mpanda, chokhala ndi mpiringidzo. Ndipo khola labwino silithandiza ngati ziweto zikulowa mdima utagwa. Kambuku amayenda kwambiri chisisira ndi mbandakucha, choncho tsekerani dzuwa likadalipo, mutsegule kutayera bwino. Mabanja angapo akhoza kusonkherana n'kumanga khola limodzi lalikulu. Ndowe zimaunjikana malo amodzi, zomwe ndi manyowa a m'munda wa khofi.

Nkhani ya misampha ndi yopweteka kwambiri. Nguluwe zimasakaza mbewu, izi palibe angakane, ndipo mlimi amatchera khwekhwe la waya wachitsulo kuti ateteze munda. Koma waya sasankha. Mu Ogasiti 2021, kambuku wamkazi ndi ana ake awiri anapezeka atafa m'misampha kum'mwera kwa Aceh, ndipo mu Epulo 2022 ena atatu anafa chimodzimodzi kum'mawa kwa chigawo chomwecho. Wopulumuka amatsala wopanda phazi, sangathenso kugwira gwape, basi amayamba kuzungulira makola ndi agalu a pamudzi. Msampha womwewo umamalizanso nguluwe ndi agwape omwe kambuku amadya. Onjezani chigodola cha nkhumba, chomwe chinafika ku Sumatra mu 2019 n'kupha nguluwe zambiri, muona chifukwa chake njala imam'tsitsira kumudzi. Tetezani munda ndi mpanda, ngalande kapena kulondera mosinthana. Mukapeza msampha m'tchire, uonjoleni, waya mupite naye kwa alonda a nkhalango. Ku Kerinci Seblat magulu olondera, ophatikiza alonda a boma ndi anthu a m'midzi, akhala akuchita ntchito imeneyi kuyambira 2000 mothandizidwa ndi bungwe la Fauna & Flora International.

Chiweto chikagwidwa, musachisunthe ndipo musathirepo mankhwala. Kambuku amabwerera pa nyama yake masiku angapo, ndipo mukamulanda amakagwira china. Dziwitsani amfumu ndi ofesi ya BKSDA, yomwe imayang'anira nyama zakutchire m'chigawo chilichonse. Akatswiri ake amayeza mapazi, kutchera makamera ndi kuphulitsa zaphokoso zopirikitsira, ndipo zikavuta amatchera khola logwirira nyama yamoyo n'kukaitula kutali. Wamkazi amabereka ana awiri kapena atatu ndipo amakhala nawo mpaka pafupifupi zaka ziwiri, choncho kupha mayi mmodzi n'kupha banja lonse. Lamulo la Indonesia la 1990 linkapereka chilango chofika zaka 5 m'ndende, ndipo mu 2024 analikhwimitsa. Nawonso akuluakulu a Chisilamu a bungwe la Majelis Ulama Indonesia analengeza mu 2014 kuti kusaka ndi kugulitsa nyama zotetezedwa n'koletsedwa pachipembedzo.

Moyo wa munthu nawo tisaupeputse. Kumayambiriro kwa 2024 alimi anaphedwa ndi kambuku m'dera la Suoh ku Lampung, anthu n'kutentha ofesi ya alonda chifukwa cha mkwiyo. Ndikuona kuti wobwera ndi uthenga wosamala nyama koma osatchula maliro amenewa sangamvedwe ndi aliyense. Pamene mapazi aoneka, musapite kumunda nokha, pitani atatu kapena anayi, mukucheza mokweza. Powerama kupalira kapena kudula mphira, mmodzi aziima n'kumayang'ana uku ndi uku, popeza chilombochi chimadzera kumbuyo. Mukakumana nacho musathawe ndipo musachifulatire. Bwererani chambuyo pang'onopang'ono mukuchiyang'ana, mutakweza manja, mukukuwa kuti anzanu amve.